Maulosi a pa Thumba la Ufa

Folo koloko m'mawa.
Tartu ali mtulo, mtsinje wa Emajõgi wauma gwaa,
ine ndakanda kale mitanda makumi anayi
ndipo foni ndaitsamiritsa ku chitini cha mchere.
Kutali uko, kumene dzuwa latuluka kalekale,
akupukuta bwalo la ayezi.
Lili mbee ngati mbale yoti palibe wadyerapo.

Kaupo, mnzanga wa pa uvuni, akuti ndazungulira mutu.
Akuti masewero opanda chigoli ndi gule chabe.
Msiyeni.
Sanaonepo mwana wa munthu
akunyamuka chambuyo pa mpeni umodzi,
kuzungulira katatu m'malere ngati nguli,
n'kutera mwa mphaka, dzanja lili m'mwamba.

Maulosi anga ndalemba pa thumba la ufa
ndi pensulo yolembera maoda.

Golide ndi wa Chisato wa ku Japan, musandifunse kawiri.
Ameneyu sadumpha ayi,
amangoiwala kuti pansi palipo.
Ndinayamba kumutsata ali ndi zaka khumi ndi zitatu,
tsiku lomwe anagwa chagada kawiri
n'kudzuka akusasa diresi ngati wadzuka pampando.

Siliva ndapatsa Solène wa ku Canada
ngakhale sindimukonda.
Amamwetulira oweruza ngati wotsatsa inshuwalansi.
Koma mapazi ake sanama,
ndipo ine sindingabere munthu chifukwa cha mano.

Mendulo yachitatu ndiyo yandidyetsa pensulo.
Mutu ukuti Tekla wa ku Georgia.
Mtima ukuti Liisbet.
Ndafufuta katatu, pepala labooka.

Liisbet wathu, mwana wa a Virve a ku positi,
uja ankalowa muno nsapato za ayezi zili pakhosi,
mphuno ili psuu ndi chisanu,
kudzagula banzi imodzi ya sinamoni
ndi ndalama zowerenga kawiri.
Dzulo anathera pa nambala leveni.
Kuwerenga ndimatha, musandiuze.
Koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha,
ndipo ayezi alibe chibale,
amagwetsa ndi akatswiri omwe.

Tabetcherana ndi Kaupo:
akapanda kukwera pa nsanja,
matileyi ndikutsuka ndekha sabata yathunthu.

Uyo watuluka.
Diresi yobiriwira, yosoka azakhali ake.
Waima pakati zii, bwalo lonse lagwira mpweya,
nyimbo yayamba pansipansi
ndipo manja anga auma m'kati mwa mtanda.

Kudumpha koyamba. Watera!
Ndafuula mpaka masupuni alira m'kabati.
Kwachiwiri, wapendekeka,
zala zakhudza ayezi pang'ono pokha,
pang'ono ndithu, mwina oweruza amaphethira.
Pita mwanawe, usayang'ane m'mbuyo,
ayezi sasunga mangawa.
Wazungulira, wazungulira, wasanduka lawi lobiriwira,
mwendo uli pamutu,
ine bondo langa lamanzere likuwawa m'malo mwake.

Watha. Akupuma ngati wothawa galu.
Wakhala pa benchi la misozi lija
atakumbatira chidole choponyedwa ndi mlendo.
Mapointi akuchedwa, akuchedwa dala.

Nambala wani!
Inde ndikudziwa, kwatsala khumi oti alowe,
ndipo aliyense mwa iwo amamuposa.
Koma pakali pano, mphindi ino yokha,
dzina la mwana wa ku positi lili pamwamba pa dziko lonse
ndipo thumba langa la ufa likunena zoona.

Kununkha chiyani?
Buledi wa rayi wapserera, tileyi yonse bii.
Ndatembenuka kuti ndikalipire Kaupo,
ndampeza ali kumbuyo kwanga, chopalira m'manja,
maso ali tong'o pa kafoni kanga.
Utsi ukutuluka mu uvuni wake
iye akufunsa monong'ona:
kudumpha koyang'ana kutsogolo kuja
amakutcha chiyani?
Nanga wotsatirayu, ndi woopsa?

Kunja chipale chikugwa mwakachetechete.
Makasitomala afika sikisi koloko.
Tiwauza kuti lero kuli mabanzi okha.